Chikomekome cha Mkuyu: Vundukulani Kapeti Musanagule Penti

Makolo amene anapeka mwambi woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanakwerepo galimoto. Ankayenda wapansi, katundu pamutu, ndipo zitsulo zimene ankazidziwa zinali khasu, nkhwangwa ndi mkondo. Koma mutawadzutsa lero n'kuwaimika pa Kamwendo tsiku la msika, n'kuwaonetsa pikapu yofiira yongopentedwa kumene, matayala ali phuliphuli ndi polishi, sangataye nthawi kuyamikira. Angatsegule chitseko, kugwada, n'kuvundukula kapeti. Iwo ankadziwa kuti chipatso chikafiira mokopa, munthu wanzeru amayamba waching'amba pakati asanaponye m'kamwa.

Ife adzukulu awo mwambiwu timautchula pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya ndale, koma tikaona galimoto timauiwala. Pitani pa Waliranji, pa Kapiri, pa Mkanda kapena pa boma la Mchinji penipeni, simulephera kupeza galimoto yakale itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ina ndi Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa ku France mu 1960 ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Ina ndi mng'ono wake, 504, ya mu 1968. Ina ndi Datsun 1200, kapena Nissan 1400 imene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Palinso Toyota Stout, Hilux zoyambirira ndi Land Rover za amishoni. Galimoto zimenezi zinanyamula mabelo a fodya kupita ku Kanengo pa msewu wa M12, zinachita matola, zinanyamula akwati, zinanyamulanso maliro. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980 n'kudzalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, koma thumba la mtedza lochokera kumudzi silinasiye kukwera pikapu.

Tsono zimene zimachitika n'zoti mphwake wa mwini galimoto wabwera kuchokera ku Joni ndi tindalama m'thumba. Waona pa Facebook kuti kunja galimoto zoterezi azungu amazipukuta ndi nsalu yofewa n'kumazionetsa pa zionetsero. Aima kuseri kwa nyumba, manja m'chiuno.

"Atsibweni, galimoto iyi tiidzutse. Ndalama ndilipira ndine."

"Wayankhula ngati mwamuna, mphwanga. Ndiye tiipente mtundu wanji?"

Msonkhano wonse umathera pamenepo. Atsibweni akufuna woyera ngati mmene inalili poigula. Mphwawo akufuna wofiira. Azakhali akuti wobiriwira sudetsedwa msanga ndi fumbi. Alamu, amene alibe ngakhale njinga, akuumirira kuti pagalasi lakumbuyo palembedwe mawu ochenjeza adani. Palibe amene wafunsa chifukwa chimene m'galimotomo mukununkhira ngati m'dambo pamene mvula inasiya mu April.

Wina anganene kuti dzimbiri ku Mchinji lichokera kuti? Nyanja yamchere ili kutali, ku Beira ndi ku Nacala. Kuno sikugwa chipale chofewa choti boma lizithira mchere m'misewu monga amachitira ku England kapena kumpoto kwa Japan. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake khungu la galimoto zathu limakhalitsa. Dzuwa limangowaula penti koma chitsulo chili nga! Vuto n'lakuti dzimbiri silifunsa za mapu. Limangofuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Zikakumana, chitsulo chimayamba kusanduka fumbi lofiirira. Pakapezekanso mchere wa mtundu uliwonse, ntchitoyo imathamanga. Kunja kwa galimoto mvula imagwa, dzuwa n'kuumitsa. M'kati madzi akalowa sapeza wowatulutsa.

Amalowa bwanji? Labala wozungulira galasi lakutsogolo akauma ndi dzuwa amang'aluka, ndipo kuyambira November mpaka April dontho lililonse limatsetserekera kumapazi. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsira madzi, koma fumbi la m'misewu yathu limatitseka, chitseko n'kusanduka mtsuko. Okwera amalowa ndi matope ku nsapato. Pansi pa kapeti pali chinsalu chokhuthala chochepetsa phokoso, ndipo chikamwa madzi chimawasunga kwa miyezi. M'buti, pamalo pogona tayala lapadera, pamatha kukhala chithaphwi choti achule n'kuchitiramo msonkhano.

Nanga mchere? Timaunyamula tokha, ndi manja awiri, tikuthokoza Mulungu kuti taupeza. Feteleza ndi mchere. Kaya ndi CAN, kaya ndi NPK, timibulu take timakoka chinyezi cha mumpweya n'kusungunuka, ndipo timadzi timeneto timadya chitsulo mofulumira. Urea nayenso amakoka chinyezi chimodzimodzi. Thumba limodzi likabooka pang'ono, timibulu timalowa m'ming'alu momwe tsache silifika. M'boma la alimi a fodya, chimanga, soya ndi mtedza, ndi pikapu iti imene sinanyamulepo feteleza? Onjezani mkodzo wa mbuzi yopita ku chinkhoswe, zitosi za nkhuku zija, madzi a nsomba zamchere, ndi asidi wodontha ku batire. Nyerere za m'galimoto sizibwera zokha. Timaziitana ndife, n'kuzipatsa malo ogona pansi pa kapeti.

Mfumu ya chikomekome ndi Land Rover yakale. Kuyambira pamene inatuluka mu 1948, khungu lake ankapanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira lija. Aluminiyamu akakumana ndi mpweya amadzikuta ndi kakhungu kopyapyala kamene kamamuteteza. Ndiye galimoto imatha kukhala zaka makumi anayi ikuoneka ngati ingadzuke mawa. Koma chassis imene yasenza thupi lonselo ndi yachitsulo, ndiponso chipupa cholekanitsa injini ndi miyendo ya dalaivala ndi chachitsulo. Matope amalowa m'mphako za chassis n'kukhala momwemo akudya mwakachetechete. Mwini wake amamenya chitseko ndi chikhatho monyadira, "Imvani, achimwene, chitsulo cha Mngelezi ichi!" Akumenya gawo lokhalo limene silinali pa ngozi.

Dzimbiri lili ndi misinkhu itatu, ndipo wodzutsa galimoto ayenera kudziwa kuti akulimbana ndi uti. Loyamba ndi lapamwamba: mawanga ofiirira amene mukakhula ndi sandipepa pansi pake pamatuluka chitsulo chowala. Limeneli munthu amathana nalo yekha pakhomo. Lachiwiri ndi lamakoko, lotukusira penti n'kumagwa zibenthuzibenthu, kusiya chitsulo chili ndi zipsera. Lachitatu ndi lija loti dalaivala amaona msewu ukudutsa pakati pa mapazi ake, ndipo akaponda chithaphwi okwera onse amasamba. Kuipa kwa dzimbiri n'koti silitseka bala lake. Limakhala lofuka, limamwa madzi n'kuwasunga, choncho lapamwamba la chaka chino ndilo lamakoko la zaka zikubwerazi. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Kuti mudziwe msinkhu wake simufunika makina. Tengani sikuludilaiva mubaye pamene mukukayikira. Chitsulo chabwino chimalira ngwee n'kukana. Chodwala chimalira phwii n'kulola. Tenganinso maginito a mu sipika yakufa muwayendetse m'munsi mwa zitseko ndi m'mbali mwa matayala. Pamene pali chitsulo amakakamira. Pamene amagwa, ngati khungulo si la aluminiyamu, dziwani kuti pansi pa penti pali phala lija amamatira mabowo, lotchedwa fila. Zida ziwirizi ndi zimene wogulitsa galimoto amadana nazo kwambiri.

M'dera la m'malire ngati lathu, ogulitsa sasowa. Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo kuyambira December 2022, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, wapaulendo amaima malo amodzi m'malo mwa awiri. Nkhani ya galimoto iliyonse yogulitsa imafanana.

"Bwana, iyi inali ya abambo ansembe. Ankangopita nayo ku Misa basi."

"Nanga fungo la feteleza?"

"Abambowo anali ndi kadimba."

"Ndivundukule kapeti?"

"Aaa, bwana, kapetiyo ndi yomata, ndi mmene inabwerera. Taonani kaye penti, mukudziona nkhope?"

Mukamva kuti kapeti ndi yomata, gwirani chikwama chanu. Ndipo akakutchulirani mtengo wooneka wotsika modabwitsa, funsani kuti akunena kwacha iti, chifukwa mayiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha koma kulemera kwake n'kosiyana kwambiri. Ambiri anasekerera mtengo ku Mwami n'kukalira atawerengera pa boma.

Tinene kuti mwabaya, mwayendetsa maginito, ndipo mwapeza kuti nyerere zanu zikadali zapamwamba. Mwachita mwayi. Ntchitoyi ichitike m'chilimwe, mpweya uli wouma, osati mvula ili pamutu. Choyamba tulutsani zonse: mipando, kapeti, chinsalu chapansi, zotchinga za m'zitseko. Mudzapezamo makobili amene anasiya kugwira ntchito, chipeso cha azakhali chimene anthu anakangana nacho, ndi mtedza umene unayesa kumera. Chinsalu chovunda chija musachiyanike kuti mubwezeremo. Chitayeni.

Chachiwiri, pezani polowera madzi. Mmodzi akhale m'kati, wina azithira madzi ndi ndowa pagalasi, padenga ndi m'zitseko. Pamene padontha, sinthani labala kapena matani bwino. Tsegulani timabowo ta pansi pa zitseko ndi kawaya. Mukalumpha gawo ili, zonse zotsatira n'kungosangalatsa wogulitsa penti.

Chachitatu, tsukani pansi ponse ndi madzi ambiri ndi sopo. Zikumveka zachilendo kuthira madzi pochiza matenda obwera ndi madzi, koma mchere wa feteleza suchoka ndi bulashi. Umafunika kusungunulidwa n'kutayidwa kunja, apo ayi udzapitiriza kukoka chinyezi pansi pa penti watsopano. Pamene panadontha asidi wa batire thiranipo madzi osakaniza ndi soda wophikira uja, muone akuchita thovu, kenako tsukani. Mukatero siyani zitseko zili pululu padzuwa mpaka m'ming'alu monse muume.

Chachinayi ndicho chimabalalitsa abale. Kukhula. Bulashi ya waya ichotse makoko onse, kenako sandipepa yokhakhala, ya nambala 80, itsatidwe ndi yosalala ngati ya 180, mpaka chitsulo chiwale. Amene ali ndi magetsi amamangirira bulashi ku dirilo kapena ku galainda. Amene alibe amadalira mkono. Apa mudzaona kuti alamu aja, amene anali ndi maganizo ambiri pa nkhani ya mtundu wa penti, akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi maliro ku Tembwe. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa tiwaya ta bulashi timathothoka n'kuuluka, ndipo tsekani mphuno ndi pakamwa, popeza penti wina wakale anali ndi mtovu. Mukamaliza pukutani fumbi ndi mafuta onse ndi nsalu yonyowetsa thinasi, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya.

M'tizipsera ndi m'makona mmene bulashi siifika mumatsala dzimbiri. Mmenemo mumalowa mankhwala otchedwa rust converter, amene amapezeka m'mashopu a penti ndi a zida zomangira. Ena amakhala ndi asidi wa phosphoric, ena ndi wa tannic. Ntchito yake ndi kusandutsa dzimbiri lofiira kukhala chikhungu chakuda cholimba chimene penti angagwirepo. Mankhwalawa si matsenga: sagwira pa girisi, sagwira pa makoko ogwedera, ndipo sabweza chitsulo chimene chinadyedwa kale. Werengani zolembedwa pa chitini, chifukwa ena amafuna kutsukidwa pambuyo pake pomwe ena safuna, ndipo dikirani nthawi imene alembayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsulo chowala musachigoneke chili maliseche. Mame a usiku umodzi amakwana kuchibwezera kufiira. Pakani penti woyamba, uja amamutcha primer, kaya ndi red oxide amene owotcherera mafelemu a mawindo amamudziwa bwino, kaya wa zinki, kaya wa epoxy ngati thumba likulola. Akauma, matani mizere yonse yolumikizira zitsulo ndi phala lake lotsekera, kenako pakani penti wapamwamba kawiri. Primer payekha sateteza kwa nthawi yaitali, ambiri amalola chinyezi kudutsa. Wazani madzi pabwalo musanapente, kuti kamvuluvulu wa mu October asakuthandizeni kukongoletsa ndi mchenga. M'kati mwa zitseko ndi m'mphako zina mmene bulashi singalowe, mumapoperamo phula lamadzimadzi lopangidwira ntchito imeneyi, kusamala kuti timabowo tija tisatsekekenso.

Alangizi a pansi pa mtengo nawo sasowa. Wina adzakuuzani za viniga. Ameneyo akunena zoona pang'ono: mabawuti ndi tizitsulo ting'onoting'ono tikagona m'viniga timayera, bola mutitsuke ndi madzi a soda, kutiumitsa ndi kutipaka oilo msanga. Wina adzati thirani oilo wakuda wochotsa mu injini. Oilo amatchingadi madzi, koma pamene wafika penti sadzagwiranso, fumbi lonse la msewu wa ku Mkanda lidzakakamira pomwepo, ndipo chitenje cha apongozi chikadzakhudza, mlandu wake sudzatha ndi nkhuku imodzi. Koma katswiri weniweni ndi uja wa Coca-Cola. Iye anamva kuti chakumwachi chili ndi asidi wa phosphoric, ndipo n'zoona, ngakhale ndi wochepa kwambiri. Chimene amaiwala ndi shuga. Thirani mabotolo angapo pansi pa mpando, mawa lake mudzapeza mwambi wa makolo wakwaniritsidwa mawu ndi mawu: kunja kokongola, m'kati muli nyerere zenizeni, zamiyendo, zili pa mzere.

Sikuludilaiva ikalowa mpaka kutulukira kunsi, nkhani yasintha. Pamenepo sipafuna sandipepa koma wowotcherera, adule chovunda chonse n'kuikapo chitsulo chatsopano cha makulidwe ofanana. Alipo amisiri ena, si onse, amene amatseka bowo ndi nyuzipepala n'kumata fila pamwamba, moti wodzagula galimotoyo tsiku lina adzawerenga nkhani za referendamu ya 1993 kuchokera m'chitseko. Ena amakhomerapo chidutswa cha lata la denga. Pa malo wamba zimangochititsa manyazi, koma pamene pamangidwa mipando ndi malamba, kapena pa chassis, ndi nkhani ya moyo. Lamba womangidwa pa chitsulo chovunda amazuka pa ngozi pamodzi ndi bawuti yake. Powotcherera, batire lichotsedwe, thanki ndi mapaipi a petulo atalikitsidwe, ndowa ya mchenga ikhale pafupi, ndipo kuseri kwa powotchapo kupakidwenso penti chifukwa moto umapsereza wakale.

Eni ma Sienta ndi ma Probox asaseke msanga. Galimoto zochokera ku Japan zimene zimalowera ku Dar es Salaam n'kudutsa pa Songwe timazisankha pa zithunzi za pa foni, ndipo chithunzi chimajambula khungu. Zina zinayenda m'madera a chipale chofewa momwe misewu imathiridwa mchere, kenako zinadikira sitima padoko. Zikafika kuno timazisenzetsa matumba omwe aja amene anadya Peugeot ya atsibweni. Kusiyana kwake n'koti kapeti yake ndi yokongola kwambiri, moti munthu amachita mantha kuivundukula.

Chifukwa chiyani timathamangira penti? Yankho aliyense akulidziwa. Penti wakunja amaonedwa ndi mudzi wonse, pomwe primer wa pansi pa mpando amadziwika ndi inu nokha ndi Mlengi. Palibe amene anajambulitsapo chithunzi atakumbatira chitini cha red oxide. Mtima womwewo ndi umene umatipangitsa kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera wamkulu, pomwe mlatho wapatsogolo ukugwedera. Ndi umene umapentetsa geti la sukulu zimbudzi zitatitimira, umene umabwereketsa galimoto khumi za paukwati pamene akwatiwo alibe mphasa, umene umagulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti tigule foni yojambula bwino nkhope yanjala.

Ndipo mkuyu tisamaunamizire kwambiri. Akatswiri a zomera amati tizilombo tina timene timapezeka m'nkhuyu, timavu ting'onoting'ono, ndi timene timanyamula mungu kuti mtengowo ubereke mbewu. Popanda ito mikuyu ikanatha. Alendo a m'chipatsocho ali ndi ntchito. Dzimbiri la m'galimoto lilibe phindu kwa wina aliyense kupatula ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Komanso mkuyu sunapite kushopu kukagula penti kuti unamize odutsa. Umangofiira mwachilengedwe. Chinyengo chopaka dala ndi luso lathu anthu.

Choncho inu amene muli ndi galimoto ya malemu bambo kuseri kwa nyumba, ndalama zoyamba zipite ku labala wa magalasi, bulashi ya waya, sandipepa, mankhwala a dzimbiri ndi primer. Za mtundu wa penti wakunja mukambirane pomaliza, ndipo pa msonkhano umenewo aloledwe kuyankhula okhawo amene anagwirako bulashi. Inu amene galimoto yanu ikuyenda, yalani pulasitiki yokhuthala musanakweze feteleza, tsukani bodi tsiku lomwelo mukatsitsa, ndipo mvula isanayambe chaka chino tulutsani kapeti muone chimene chili pansi pake.